Chijapanizi tichiyambire ku Chichewa

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi achinyamata amene akufuna kuyamba Chijapanizi, kaya akulimbirana mwayi wa maphunziro wa MEXT, unduna wa zamaphunziro wa boma la Japan, kaya amagwira ntchito limodzi ndi anthu odzipereka a ku Japan amene akhala akubwera kuno kuyambira 1971. Ambiri amachiyamba kudzera m'Chingerezi, n'kumalimbana ndi mavuto a Mngerezi amene ife tilibe, kwinaku akusiya vuto lathu lenileni.

Malembo a liwu ndi asanu omwe aja: a, i, u, e, o. Mawu amamangidwa ndi maphatikizo ngati athu: sa-ka-na ndi nsomba, ta-ma-go ndi dzira. Ngakhale r wawo, amene amazunza azungu, ali pakati pa r ndi l, lilime kungogunda kamodzi, monga timachitira ife. N'chifukwa chake dziko lathu amalitchula Maraui. Nawonso ali ndi mawu osiyana ndi kakwezedwe kokha: hashi ndi mlatho, hashi ndi timitengo todyera, monga mtengo wa m'tchire ndi mtengo wa pamsika.

Pomwe timagwa ndi apa. Chichewa chimakoka phatikizo lotsatizana ndi lomaliza, ndipo timachita osadziwa. M'Chijapanizi kukoka liwu kumasintha tanthauzo. Biru ndi nyumba yosanja, biiru ndi mowa. Munthu wa Chichewa akangolekerera pakamwa, afunsa njira ya ku nyumba yosanja koma womvayo amva mowa. Obasan ndi azakhali, obaasan ndi agogo aakazi, ndipo mayi wa zaka 40 sangakondwe mutamukoka dzinalo. Mankhwala ake ndi kuomba m'manja: kuomba kumodzi pa phatikizo lililonse, mofanana, osathamanga. Bi-ru kawiri, bi-i-ru katatu. Lembo lobwereza nalonso lili ndi kuomba kwake: kite, kutanthauza bwera, ndi kawiri, pamene kitte, sitampa ya kalata, ndi katatu, kwapakatiko pakamwa pangoima zii. Chitani izi mphindi khumi tsiku lililonse mwezi woyamba, chifukwa chizolowezichi chikakhazikika chimavuta kuchotsa.

Kalembedwe kali patatu. Yambani ndi hiragana, zilembo 46. Zisanu patsiku ndiye kuti masiku khumi mwamaliza. Gulani kope la masamu la timabokosi, chilembo chimodzi m'mabokosi anayi, ndipo tsatani ndondomeko ya mizere, kuchokera pamwamba kutsika, kumanzere kupita kumanja. Mukasokoneza ndondomekoyi zilembo zimapendekeka, zina n'kumafanana. Kenako katakana, 46 zinanso, zolembera mawu obwereka ndi mayina akunja monga lanu. Apa ambiri amasokoneza シ, shi, ndi ツ, tsu: mzere wautali wa shi umakwera kuchokera pansi, wa tsu umatsika. Kanji, zilembo zochokera ku China zoimira tanthauzo la mawu, musaziope. Mndandanda wa boma la Japan wa 2010 uli ndi 2,136, koma woyamba kumene akwanitsa zambiri ndi 100 zokha, kuyambira manambala, masiku ndi mawu ngati munthu, madzi, phiri. Chimene ndikupempha n'chakuti zilembo zathuzi muzisiye msanga. Wowerenga Chijapanizi cholembedwa m'zilembo zathu amakafika ku siteshoni ya sitima ali wosaphunzira.

Mneni amakhala kumapeto: mizu o nomimasu, ndiye kuti madzi ndimwa. Timawu ting'onoting'ono monga wa, o ndi ni timabwera pambuyo pa dzina kusonyeza ntchito yake, ndipo wa ameneyu amalembedwa ndi chilembo cha ha. Gwiritsani mawu aulemu othera ndi desu ndi masu, u wakumapeto osamveka kwenikweni. Chilankhulo cha m'makatuni musapite nacho kwa akuluakulu, n'chimodzimodzi kunena mfumu kuti iwe.

Za ulemu tili ndi poyambira. San amagwira ntchito ya a wathu uja wa a Banda, kungoti amabwera pambuyo pa dzina la makolo, ndipo simudzitchula nokha san. Mphunzitsi ndi dokotala amatchedwa sensei. Kulandira ndi manja awiri tinakulira momwemo, ndipo khadi la bizinesi limalandiridwa choncho, n'kuliwerenga kaye, osalilowetsa m'thumba lakumbuyo. Kusiyana kuli pa moni. Ife timagwirana chanza nthawi yaitali, iwo amawerama: pang'ono chabe, madigiri 15, podutsana, 30 kwa mlendo kapena bwana, 45 popepesa kapena kuthokoza kwambiri. Msana woongoka, maso pansi.

Nsapato zimatsala pakhomo, pamalo otsikirapo otchedwa genkan, zitaloza kunja. M'nyumba muvala masilipasi, pa mkeka wa tatami muwavule, ndipo kuchimbudzi kuli ake apadera amene alendo amaiwala n'kutuluka nawo mpaka pa tebulo. Musanadye nenani itadakimasu, mukamaliza gochisousama deshita. Timitengo todyera musatizike chilili mu mpunga, kapena kupatsirana chakudya kuchoka pa timitengo kupita pa timitengo tina. Zonsezi n'zapamaliro: mpunga wa womwalira ndiwo umazikidwa motero, ndipo mafupa a mtembo wowotchedwa ndiwo amapatsiridwa choncho. Ku lesitilanti musasiye ndalama yothokozera, woperekera zakudya akuthamangirani nayo poganiza kuti mwaiwala.

Mawu awiri amasokoneza ngakhale odziwa. Hai kawirikawiri amatanthauza kuti ndikumva, osati ndavomera. Ndipo munthu akayankha pempho lanu ndi chotto, n'kusiyira m'malere akupendeketsa mutu, wakana. Ndi ndiona yathu ija. Musaumirize. Nenani wakarimashita, ndamva, ndipo nkhaniyo muisiye pomwepo.

Wowerenga wanu,
Lilongwe