Kalata kwa Bambo Mark Bullingham: kochi woletsedwa akufunanji m'chipinda cha osewera?

Bambo Bullingham,

Ndikulemba kuchokera ku Ndirande mumzinda wa Blantyre, komwe Premier League timaionera titathithikana pa mabenchi, aliyense atalipira pakhomo. Poti ndinu mkulu woyendetsa ntchito za FA, bungwe loyendetsa mpira ku England, nkhani ya zilango za makochi ndaona kuti ndiitule kwa inu.

Lachitatu pa 12 February 2025, James Tarkowski wa Everton atachinya m'mphindi ya 98 pa Goodison Park, Everton n'kufanana mphamvu ndi Liverpool 2-2, benchi lomwe ndinakhalapo linagudubuzika. Masewero atatha tinaona kochi wa Liverpool Arne Slot akupita kwa woyimbira Michael Oliver, kugwirana naye chanza, kumulankhula zakukhosi, kenaka khadi yofiira m'mwamba. Chigamulo chitatuluka, anamuletsa kukhala pa benchi masewero awiri ndi kumulipitsa mapaundi 70,000.

Kuno mkangano unatenga sabata. Ochemerera Liverpool ankati Oliver anapitiriza nthawi ndiponso anatsinzinira dala pamene Beto wa Everton ankakankha Konaté wa Liverpool chigolicho chisanalowe, ndiye munthu angakhale chete bwanji? A Arsenal ndi a Manchester United ankati masewero awiri n'chibwana, ena mpaka kukumbutsa za Mitrović wa Fulham yemwe mu 2023 anakhala panja masewero 8. Apo pokha ndinawatsutsa, chifukwa Mitrović uja anachita kumukankha woyimbira.

Ine zoti awiri kapena asanu sizikundivuta. Chondivuta n'chakuti chilangocho n'chadzina lokha. Pa 8 March, Southampton inapita kopumulira ikutsogola 1-0 pa Anfield. Slot, woletsedwayo, anatsika kuchokera pomwe anakhala, kulowa m'chipinda cha osewera, kuwakalipira anyamata ake, n'kusintha atatu nthawi imodzi. Liverpool inapambana 3-1. Sanalakwire lamulo lililonse, chifukwa malamulo anu amalola zimenezi, ngakhalenso kutumiza mauthenga ku benchi. Ndiye mwamuletsa chiyani? Kuima pa udzu basi?

Njira ina mukuidziwa. Ku UEFA, bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya, kochi akaletsedwa, m'chipinda cha osewera sapondamo, n'chifukwa chake José Mourinho, ali kochi wa Chelsea woletsedwa, mu 2005 anachita kubisala mu dengu la zovala zochapa tsiku lomwe Chelsea inakumana ndi Bayern Munich, zomwe anadzaulula yekha patapita zaka. Inu a FA omwe, mu November 2015, munamuletsa Mourinho yemweyo kufika pabwalo, ndipo Chelsea inakagonja 1-0 ku Stoke iye kulibe. Chimenecho ndiye chilango chomwe mwana angachione n'kuchimva.

Ndatchula mwana dala. Loweruka lililonse ndimayimbira mpira wa ana pa bwalo lafumbi, mizere yake timalemba ndi phulusa. Tsiku lina mphunzitsi wa timu ina, nditamukanira penate, anandithamangira mpaka pakati pa bwalo, chala chili pamphuno panga. Nditamuuza kuti atuluke, anangopita kukakhala pa chulu kuseri kwa golo n'kupitiriza kukuwa malangizo. Ndikuti achoke, iye akuti ngakhale ku England kochi wochotsedwa amalankhulabe ndi timu yake. Ana aja anaseka, ine wezulo ili m'kamwa, chonena ndilibe.

Sindikuti oyimbira anu ndi angelo. Chigoli cha Luis Díaz wa Liverpool chomwe VAR, oyimbira oonera pa kanema aja, inachikwirira ku Tottenham mu September 2023 sitinachiiwale, ndipo kochi wokwiya nthawi zina amakhala ali ndi mfundo. Koma imeneyo ndi kalata ina, ya Bambo Howard Webb, mkulu wa oyimbira.

Kwa inu pempho langa ndi limodzi. Kochi akanyoza woyimbira mpaka kupezeka wolakwa, tsiku la masewero asafike pabwalo, asalowe m'chipinda, lamya yake isalire pa benchi. Ngakhale atakhala masewero amodzi okha, ndidzakhala ndi chomuyankha mkulu wa pachulu uja.

Ine wanu,
Woyimbira mpira wa ana, Ndirande