Lipoti la msonkhano wa ku Livingstone: nkhani ya kunyowa pa ulendo wa ana athu

Atcheyamani, aphunzitsi ndi makolo anzanga,

Munandituma ku msonkhano wa okonza maulendo a ana a sukulu ku Livingstone kuti ndikamve za mitengo, pogona ndi chitetezo. Za ndalama ndi pogona ndapereka kale kwa amsungichuma pa pepala lapadera. Pano ndikufotokozereni nkhani imene sinali n'komwe pa ndondomeko koma inatidyera nthawi yambiri, nkhani ya kunyowa.

Anaiyambitsa ndi bambo wina wa ku Lusaka amene amaperekeza ana ku malo a masewera a m'madzi. Anatifotokozera za mabwato awiri otchuka m'mapaki akuluakulu akunja. Lina limaoneka ngati chipika, limakwezedwa pamwamba kenako n'kutsetsereka kukagwera m'madzi, ndipo loyamba la mtunduwu linatsegulidwa ku paki ya Six Flags Over Texas ku America mu 1963. Wokwera amawaona madzi akubwera, amagwiritsa, amakuwa, potsika n'kumaseka. Linalo ndi lobulungira ngati lichero, limazungulira lokha m'mafunde moti palibe amadziwa kuti madzi akhuthukira yani. Wina amatsika madzi ali chuchuchu, mnzake wa pambali pake ali wouma bwinobwino. Mfundo ya bamboyu inali yakuti munthu sadandaula ndi kuchuluka kwa madzi. Chimene chimamuwawa ndi kunyowa asanakonzekere, kunyowa kukuzizira, kapena kuyenda tsiku lonse nsapato zili ndi madzi.

Ife sitikupita ku paki yotero, koma ku mathithi a Mosi-oa-Tunya (Victoria Falls) kumene tikupita nkhani yake ndi yomweyi, mwinanso kuposa. Mathithiwa ndi otambalala mamita 1,708 ndipo madzi amagwa mamita oposa 100. Zambezi akadzaza, makamaka mu Epulo, utsi wa madzi umakwera n'kubwerera pansi ngati mvula yamphamvu, ndipo wodutsa pa mlatho wa oyenda pansi wotchedwa Knife-Edge Bridge sangauzembe. Pofika Okutobala ndi Novembala mbali yathu ya Zambia imatsala miyala yokhayokha ndi timadzi tochepa. Ndiye posankha mwezi tikusankhanso ngati ana akanyowe kapena ayi.

Apa m'pamene tinasiyana maganizo. Ena amati sukulu ibwerekere mwana aliyense jasi la mvula pachipata, poti amabwereketsa pomwepo. Ena amati n'kutaya ndalama, chifukwa madziwo amabwera kuchokera pansi ndi m'mbali momwe, amalowabe, komanso ana amavula okha majasiwo akangoona anzawo akusangalala. Ine ndili ndi gulu lachiwirili. Mwana wa ku Chipata amene wakhala m'basi makilomita oposa 1,000, kudutsa Luangwa ndi Lusaka, sanapite kukaonerera mathithi chapatali. Majasi tibwerekere ana odwala mphumu ndi aphunzitsi onyamula mapepala, basi.

Chimene chinandigwira mtima chinachokera kwa mayi wina, mphunzitsi. Anati atsikana osinkhuka amakana kuwoloka mlathowo, ndipo ife timangoganiza kuti ndi mantha. Zoona zake n'zakuti malaya oyera a yunifolomu akanyowa amamatirira pathupi, mwana n'kuchita manyazi pamaso pa anyamata. Kwa iye tsiku lonse lawonongeka pamene anzake akusekerera. Mankhwala ake ndi osavuta: tsiku la ku mathithi asavale yunifolomu, avale sikipa ya mtundu wakuda, ndipo mtsikana aliyense akhale ndi chitenje chouma m'pulasitiki. Amayi a m'komiti, iyi ndi yanu.

Nthawi yolowera nayonso ndi nkhani. Tikalowe dzuwa likuswa mtengo kuti ana akaume akudya chamasana. Tisayerekeze kuika mathithi kumapeto kwa tsiku n'kukweza ana onyowa m'basi ya usiku, tidzafika nawo kuno akutsokomola. N'chifukwa chakenso ndikukana holide ya Ogasiti imene ena munaitchula: madzi amakhala atachepa, ndipo m'mawa kumakhala kukadali kachisanu ndithu.

Njira za kumeneko zimaterera, choncho patapata ayi, koma nsapato zomanga zosaopa madzi. Mafoni alowe m'pulasitiki. Chakudya chisaonekere m'manja chifukwa anyani a kumeneko saopa munthu, amalanda. Akuluakulu tisaiwale ziphaso zathu, poti nzika za Zambia zimalipira mtengo wotsika kusiyana ndi alendo akunja.

Pempho langa n'lakuti pa msonkhano ukubwerawu tivomereze holide ya Epulo, ndipo alembi awonjezere pa kalata yopita kwa makolo kuti mwana aliyense adzanyamule zovala zosinthira, thawulo ndi pulasitiki yoikamo zonyowa.

Ine nthumwi yanu.