Pempho lofuna ziwerengero zachinsinsi lizikhala lomveka

Akonzi,

Ndilole ndiwalangize ophunzira kuno ku Kasungu amene akufuna kufufuza za mabanja olima fodya pogwiritsa ntchito ziwerengero za boma.

Ofesi ya boma yoona za ziwerengero ya National Statistical Office ku Zomba imasunga mayankho a kalembera wa 2018 ndi a kafukufuku wa mabanja wa Integrated Household Survey. Lamulo silola kuti woyankha adziwike, choncho pempho longoti "ndipatseni zonse za Kasungu" silingapite patali.

Lembani funso limodzi lomveka, mutchule mayankho enieni omwe mukufuna, monga kukula kwa munda, mbewu ndi chaka. Fotokozani chifukwa chake malipoti osindikizidwa kale sakukwanirani. Nenani amene adzaone mayankhowo, kompyuta yotsekedwa ndi nambala yachinsinsi yomwe adzasungidwemo, ndi tsiku lodzawafufuta. Phatikizani kalata ya sukulu yanu ndi chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa anthu pa kafukufuku.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi pa madera aang'ono. Mukaphatikiza mudzi, zaka ndi ntchito, mayi yekhayo wa chigayo m'mudzi wina kwa Kaomba wadziwika, ngakhale dzina lake palibe. Lonjezani kuti magulu a anthu ochepa mudzawaphatikiza ndi ena. Dziwaninso kuti kafukufuku wa zaumoyo wa DHS amasuntha dala malo a midzi yambiri pa mapu mpaka makilomita 5 kuti oyankha asadziwike, ndiye mtunda wopita kuchipatala sungatuluke ndendende.

Mphunzitsi wa kafukufuku,
Kasungu