Tchenisowo ya batire si chidole, ogulitsa muziwauza anthu zoona

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya matchenisowo a batire afala masiku anowa, aja anthu akugula kuti azisadzira mitengo ya pakhomo, kudula nthambi zogwa ndi mphepo komanso kucheka tizipika tating'ono. Ine ndili nayo imodzi ndipo sindibisa, ndimaikonda kwambiri. Koma chikundidetsa nkhawa nchoti anthu ambiri akuitenga ngati chidole chifukwa choti silira kwambiri, nde ogulitsa nawonso angoti zii, amangokuonetsa polowetsa batire ndi podina basi, kwinako ukadzionere wekha.

Ubwino wake ulipo ndithu, tisakane. Amene anagwirapo ya petulo akudziwa mavuto ake, uyambe wasakaniza petulo ndi oyilo pa mulingo wake, zambiri zimafuna magawo 50 a petulo pa gawo limodzi la oyilo, kenako ukoke chingwe mpaka phewa kuwawa, ikalira utsi uli kumaso, ndipo ukaisiya miyezi ingapo petulo ali momwemo kabuleta imatsekeka nde uyambenso kusaka makaniko. Zonsezo chifukwa cha nthambi zochepa zimene zikukhula pa denga? Ya batire ulibe nazo zimenezo. Watchaja, walowetsa batire, wadina, yayamba. Ndi yopepuka, sinjenjemeretsa manja kwambiri, ndipo aneba sadzuka ndi mkwiyo ukamagwira ntchito mmawa. Ena amaona ngati tchenisowo yamagetsi ndi zachilendo koma ayi, imene injiniya wina dzina lake Andreas Stihl anapanga ku Germany mu 1926 inali yamagetsi, yoti anthu awiri agwirizane ponyamula, ya petulo yake inabwera pambuyo. Chatsopano apa ndi batire ya lithium imene yachotsa chingwe cha magetsi chija.

Kungoti tizidziwa malire ake. Batire imasunga mphamvu yowerengeka, ukafuna kudziwa kuchuluka kwake umachulukitsa ma volt ndi ma Ah alembedwa pa batirepo, mwachitsanzo ya 36V ndi 4Ah ndiye kuti 144Wh (Wh ndi muyeso wa mphamvu yosungidwayo), pomwe ya 18V ndi 2Ah ndi 36Wh yokha. Musamangotengeka ndi nambala ya ma volt yalembedwa mokulitsa pa katoni. Ndipo chitsulo chachitali chija tcheni imazungulirapo, pa makina a pakhomo nthawi zambiri chimakhala cha masentimita 25 mpaka 35, chimenecho nchoyenera nthambi ndi timitengo, osati chimtengo chachikulu choti anthu awiri sangachikumbatire. Chimtengo chotero itanani odziwa, makamaka chikakhala chopendekera ku nyumba kapena chowola mkati, chifukwa chimagwera komwe chafuna chokha.

Tsopano pamene pagona nkhani yanga ndi apa. Ya petulo ikakhala yoyatsa imalira olo uyiike pansi, aliyense amamva ndipo amatalikira, mwana sayandikira. Ya batire ukangosiya podina paja imangoti phee ngati yazima, chikhalirecho ili tcheru, batire ikakhala mkati chala chimodzi chikhoza kuidzutsa. Inde zambiri zili ndi kabatani kotsekera koti uyambe wadina kaye, koma dzanja likaigwira pa chogwirira mwachizolowezi limadina zonse ziwiri nthawi imodzi osaganiza nkomwe. Munthu akufuna kuchotsa kanthambi kakodwa mu tcheni, kapena akufuna kuikoka aone ngati yakhwepa, dzanja lina lili pa chogwirira, ngozi yake ndi imeneyo. Nchifukwa chake ndikuti batire izichotsedwa nthawi zonse usanakhudze tcheni, ponola, pothira oyilo, ponyamula kupita nayo mbali ina ya bwalo, olo ukungolowa mnyumba kukamwa madzi. Ndipo posunga, batire kwake makina kwake, pamalo poti ana safikapo. Mano a tcheniyo ndi omwewo ali pa ya petulo, sasankha kuti ichi ndi chipika ichi ndi bondo.

China chimene sindinamvepo wogulitsa akufotokoza ndi kudumpha kuja amati kickback. Kunsonga kwa chitsulo, mbali ya pamwamba, kukakhudza mtengo kapena nthambi ina yobisika kuseri tcheni ikuthamanga, makina onse amanyamuka kubwerera kumaso kwako mwa liwiro loti sungathe kuzinda. Ndiye osacheka ndi kunsonga. Dzanja lamanzere ligwire chogwirira cha kutsogolo chala chachikulu chitazungulira kunsi kwake, lamanja kumbuyo, manja onse awiri nthawi zonse, ndipo thupi likhale chakumanzere pang'ono kuti ikadumpha idutse pambali osati pa mphumi. Chotchinga chija chili kutsogolo kwa dzanja lamanzere si chokongoletsa ayi, pa makina abwino ndi buleki ya tcheni, chikakankhidwa kutsogolo tcheni imaima nthawi yomweyo. Muziiyesa musanayambe ntchito, ndipo pogula funsani ngati ilipodi.

Apa ndiye ndidandaule za timatchenisowo tating'onoting'ono tija togwira ndi dzanja limodzi tikutsatsidwa kwambiri pa intaneti. Tambiri tilibe buleki imeneyi, ndipo mmavidiyo otsatsa mumaona munthu wagwira nthambi ndi dzanja lina kwinaku akucheka pafupi ndi zala zake zomwe, akumwetulira. Zimenezo zimandipweteka mtima zedi chifukwa amene akuonera ndi anthu oti sanagwirepo makina otere chibadwire, ena ndi achikulire amene akuganiza kuti apeza chowapeputsira ntchito, nde akutengera zomwezo.

Za makwerero ndinene mwachidule, osakwera nayo. Osachekanso chinthu chili pamwamba kuposa phewa lako, chifukwa pamenepo manja alibe mphamvu yoigwira ikadumpha ndipo nthambi ikugwera iwe wemwe. Alipo matchenisowo okhala ndi ndodo yaitali oti uzicheka uli pansi, kapena sowo ya manja imakwana. Nthambi ikayandikira mawaya a magetsi, imeneyo si ntchito ya pakhomo, auzeni eni mawayawo.

Kachekedwe nakonso kali ndi nzeru zake zimene munthu sangazidziwe pongoyang'ana. Nthambi yolemera ukangoiyamba pamwamba pafupi ndi thunthu, isanaduke imang'aluka nkusenda khungwa kutsika nalo, mtengo umatsala ndi chilonda chachikulu cholowera chiswe ndi kuwola. Yamba kaye kunsi, patali pang'ono ndi thunthu, cheka pang'ono chabe, kenako ubwere pamwamba chakutsogolo kwa pomwe unacheka paja kuti nthambi igwe yokha bwinobwino, ukatero umalize kachitsa katsalako osapala mpaka thunthu lenileni. Mtengo wogwa kale ndiye wofunika kuuyang'anitsitsa usanauyambe. Chipika chikatsamira mbali zonse ziwiri pakati pali lende, ukacheka kuchokera pamwamba mpaka pansi chimatseka nkupana tcheni, nde anthu amayamba kukoka mwamphamvu makina akuyendabe, zoopsa. Chikapana, siya podina, chotsa batire, tukula chipikacho ndi mtengo wina kuti mpata utseguke. Samalaninso ndi nthambi yopindika imene yapanikizika pansi pa mtengo, ukaidula imafyatuka ngati msampha ndipo ikhoza kukuthyola nsagwada.

Pali bodza lina likuyenda loti ya batire sifuna oyilo. Injini yake yokha ndi imene sifuna, koma tcheni imafuna oyilo wake ndithu, pali kathanki kake ndipo ndi bwino kukayang'ana nthawi iliyonse ukusintha batire. Ukafuna kudziwa ngati oyilo akutuluka, lozetsa nsonga pa chitsa kapena pa katoni osakhudza, uyendetse pang'ono, pazioneka kamzere ka timadontho. Oyilo wakuda wotsala mu injini ya galimoto musathiremo, ndi wauve ndipo amawononga kapampu. Tcheni ikatentha imatalika nkuyamba kukhwepa, makamaka yatsopano, ndiye muziimangitsa, isalendewere kunsi koma izithekabe kuyendetsa ndi dzanja lovala golovesi.

Nanga kunola? Tcheni yakuthwa imatulutsa tizipalapala tooneka ndipo imalowa yokha mu mtengo osakankha. Ukaona ikutulutsa utuchi wosalala ngati fumbi, kapena ikukhotera mbali imodzi, yabuntha. Ndipo imabuntha msanga kwambiri ikangokhudza dothi, mwala kapena msomali uja unakhomedwa kalekale pomanga chingwe choyanikapo zovala nkumezedwa ndi khungwa, mitengo ya pakhomo ili nazo zambiri zimenezi. Tcheni yobuntha imamaliza batire msanga, kenako munthu nkumati makina ngachabechabe, komanso imakukakamiza kukankha ndi thupi lonse, pamenepo ndi pomwe anthu amaterereka. Tupa yozungulira ya saizi yoyenera tcheni yako, zambiri za pakhomo zimafuna ya 4mm koma onani pa kabuku kake, ndi kuphunzira kwa masana amodzi basi.

Zovala musazinyoze poti ntchito ndi ya mphindi zochepa. Magalasi oteteza maso, magolovesi, jombo zolimba osati masilipasi, ndipo ngati mungapeze, thalauza lija lopangira ntchito imeneyi lokhala ndi ulusi mkati umene umakola tcheni ikakhudza mwendo, ngakhale nalonso si loti uzilidalira kotheratu. Zotseka mmakutu nazo, chifukwa phokoso lopitirira ma decibel 85 limawononga makutu pang'onopang'ono ndipo ikamacheka, ya batire yomweyi imapitirira pamenepo. Osagwira ntchitoyi uli wekhawekha pakhomo, utatopa kapena utamwa, ndipo ana ndi agalu akhale kutali.

Batire nayo isamalidwe, osaisiya padzuwa kapena mgalimoto yotentha, ikangochoka pa ntchito idikire izizire isanapite pa tchaja, ndipo tchaja ikhale yake yomwe. Ngati ikhala nthawi yaitali osagwira ntchito isungeni ili ndi moto wa pakatikati, osati yotheratu. Ikatupa kapena kusweka musaiyesenso ndipo musaiponye pamoto wa zinyalala, imaphulika.

Pempho langa A Mkonzi likupita kwa ogulitsa. Munthu akamagula muonetseni buleki, muonetseni nsonga yoopsa ija, mumangitsireni tcheni iye akuona, ndipo musamugulitse makina opanda kabuku kofotokoza mchilankhulo chimene iye amamva. Oyilo wa tcheni, tupa ndi magalasi zizikhala pa shelefu yomweyo pafupi ndi makinawo kuti asachoke opanda. Inunso a nyuzipepala tapezani munthu wodziwa ntchito yodula mitengo adzafotokoze izi ndi zithunzi pa tsamba lanu, chifukwa kagwiridwe ka manja ndi kaimidwe ka miyendo nkovuta kukalongosola ndi mawu okha mkalata ngati ino.

Ndine wanu,
Wowerenga wokonda mitengo