Kalata kwa Amayi: za maso anga ndi anu

Okondedwa Amayi,

Landirani moni kuchokera kuno ku Joni. Ndikhulupirira kuti Mulungu akukusungani bwino pamodzi ndi achemwali, alamu ndi ana onse pakhomopo. Ine ndilipo, ntchito ndikugwira. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni timangothamangitsana ndi mayunitsi, nkhani sitiifikitsa kumapeto. Achemwali, chonde muwawerengere Amayi pang'onopang'ono, ndipo amalume akhalepo, pakuti mbali ina ikuwakhudza.

Ndamva kuti kumudziko kwafala mbiri yoti ndikuchita khungu, ndipo ena akuti pali amene wandiponyera chifukwa cha nyumba ya malata ija. Amayi, mtima ukhale m'malo. Sindikuchita khungu. Dokotala wa maso wandipima bwinobwino, ndipo chimene chikundivuta chapezeka: maso anga akuuma. Ndikudziwa kuti mudabwa, poti tsiku lija tinkalankhula pa WhatsApp munaona misozi ikungotsika. Ndifotokoza zonse.

Vutoli limayenda chonchi. M'mawa podzuka zikope zimakhala zomatirira, mwina mpaka kutsegula ndi chala. Ikamakwana 2 koloko masana ndili pa makina osokera, m'maso mumayamba kulasa, kumva mchenga, koma ndikayang'ana pagalasi mulibe kanthu. Msoko umene ndikutsatira umayamba kuoneka mwachimbuuzi. Ndikaphethira kawiri katatu umaonekanso bwino, pakapita kanthawi chimbuuzi chija chabwerera. Ndikatuluka panja kuli kamphepo, misozi chuchuchu, mpaka tsiku lina mayi wina mu taxi anandifunsa ngati kwagwa zovuta kwathu. Madzulo magetsi a magalimoto amandithobwa. Kwa telala izi si zazing'ono, chifukwa chakudya chathu tonse chimachokera pa maso amenewa.

Poyamba tonse tinkaloza fumbi. Mzinda wa Johannesburg unamangidwa pa migodi ya golide imene inayamba mu 1886, ndipo mpaka lero kuli milu ikuluikulu ya dothi lachikasu limene linatsala pokumbapo. Mphepo ya mwezi wa August ikayamba, dothi limenelo limalowa paliponse. Mzindawu ulinso pamtunda kwambiri, mamita pafupifupi 1,750, ndipo kuyambira May mpaka August mpweya umakhala wouma moti milomo imang'ambika, zovala zochapa zimauma ngakhale kukuzizira. Koma anzanga amene timapuma nawo fumbi lomwelo ku Fordsburg ali bwinobwino, choncho ndinaona kuti fumbi lokha silingakhale yankho.

Mnzanga wina wa ku Mangochi anandipatsa kabotolo ka mankhwala oyeretsa maso. Ukadontheza, diso limayera nthawi yomweyo, koma pofika madzulo lafiiranso kuposa kale. Dokotala anandiuza pambuyo pake kuti mankhwala amenewa amangofinya timitsempha ta magazi kuti kufiira kusaoneke, ndipo mphamvu yake ikatha timitsemphato timatukusira. Ku kiliniki ya kuno anandipatsa mankhwala opaka a tizilombo, koma m'maso mwanga munalibe tizilombo, ndiye sizinasinthe. Kenako ndinapita kwa opima maso a pashopu ya magalasi. Kumeneko anapeza chinthu china chimene chinali choona: munthu akapitirira zaka 40, diso limayamba kuvutika kuona zapafupi, n'chifukwa chake kulowetsa ulusi pa singano kunkanditengera nthawi. Magalasi owerengera anandithandiza pa singanopo, koma kulasa kuja kunali pomwepo. Mayi wopima masoyo ndi amene ananena kuti mavutowa ndi awiri osiyana, n'kundilembera kalata yopita nayo ku St John Eye Hospital ku Soweto, pafupi ndi chipatala chachikulu cha Chris Hani Baragwanath.

Kumeneko ndi kumene ndinaona kupima kwenikweni. Anandikhazika pa makina, chibwano pa kathabwa, kuwala kukulowa m'diso. Anakhudzitsa kapepala ka utoto wa olenji m'mphepete mwa diso, n'kuyatsa kuwala kwa buluu. Anati ndiphethire kamodzi kenako ndingotong'ola, iye n'kumawerenga masekondi. Pa diso labwino misozi imakhala yoyala bwino kwa masekondi 10 kapena kupitirira isanayambe kuduka. Yanga inaduka asanafike pa 5. Kenako anakoleka timapepala tiwiri titalitali pa zikope za m'munsi, ndinatsinzina kwa mphindi 5, n'kuyeza pamene panyowa. Pamenepo ndinapambana: madzi a misozi ndili nawo okwanira. Atafinya chikope ndi kathonje, m'malo motuluka mafuta ooneka ngati madzi, munatuluka zoyera zolimba, ndipo m'timabowo tina simunatuluke kanthu.

Apa ndi pamene pagona nkhani, Amayi. Misozi imene imakhala pa diso nthawi zonse si madzi okha. Pansi pali chonanda chimene chimagwiritsa misozi ku diso, pakati pali madzi, pamwamba pali mafuta. Mafutawo amachokera m'timabowo tating'onoting'ono timene tandandalika m'mphepete mwa chikope, kuseri kwa nsidze, pakati pa 20 ndi 40 pa chikope chilichonse. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya mafuta amene amayandama pamwamba pa msuzi wa nkhuku: amaphimba kuti za pansi zisauluke msanga. Timabowo tanga tambiri tatsekeka, ndiye madzi akangofika pa diso amauma. Diso likauma limapsa, likapsa limaitana misozi yambiri nthawi imodzi, yofanana ndi ija imatuluka posenda anyezi. Misozi imeneyo ndi madzi okhaokha, imangosefukira pamasaya osakhazikika pa diso. N'chifukwa chake munthu angathe kukhala ndi maso ouma uku akupukuta misozi tsiku lonse.

Nditafunsa chimene chatseka timabowoto, dokotala sanandipatse chifukwa chimodzi. Anandifunsa mafunso ambiri, ndipo yankho lililonse linali ndi mbali yake. Munthu amaphethira ka 15 mpaka ka 20 pa mphindi imodzi, ndipo kuphethirako ndi kumene kumafinya mafuta aja. Koma ukayang'anitsitsa chinthu, monga singano ya makina kapena foni, kuphethira kumatsika kufika theka kapena kucheperapo, wekha osadziwa. Ine ndimayang'ana singano kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndikaweruka ndayang'ananso foni mpaka tulo. Pamalo anga osokera panali fani yowomba kumaso kwenikweni. M'chipindamo mumauluka tiutoya ta nsalu. Kunyumba, miyezi yozizira timayatsa mbaula ya palafini titatseka zenera. Ndiye panalinso timapiritsi tachikasu ta chimfine tija, ta chlorpheniramine, timene ndinkamwa kawirikawiri chifukwa cha kuyetsemula ndi fumbi la nsalu. Timaumitsa mamina, koma timaumitsanso misozi ndi malovu.

Ananditenganso magazi, chifukwa matenda ena a m'thupi amaonekera m'maso: shuga, chithokomiro, HIV, ndi nyamakazi ya mtundu wina. Anafunsa ngati ndimaona bwino kukada, poti kusowa kwa vitamini A kumayamba ndi kusaona usiku kenako diso limauma. Anayezanso ngati madzi a mkati mwa diso sakupanikiza mtsempha woonera, matenda oopsa amene amati glaucoma. Zonsezi zinatuluka bwino, tithokoze Mulungu.

Amalume, ndikudziwa kuti mwanena za kwa asing'anga chifukwa chondikonda, ndipo sindikunyoza. Koma timabowo totsekekato ndationa ndekha pa chithunzi chimene anajambula. Ndikupempha kuti nkhani yoloza anthu ithe, tisadane ndi abale pa chinthu chimene chayamba ndi fani, singano ndi palafini. Nkhuku kapena ndalama imene mumafuna kupititsa kumeneko isungidwe.

Chithandizo chake ndi chotopetsa koma chosadula. M'mawa ndi madzulo ndimaviika kansalu koyera m'madzi ofunda, osati otentha, n'kuika pa maso otsinzina kwa mphindi 5 mpaka 10 kuti mafuta olimba aja asungunuke. Ndikatero ndimasisita chikope pang'onopang'ono cholozetsa ku nsidze, n'kupukuta m'mphepete. Ndili ndi mankhwala odontheza ongonyowetsa diso. Anandichenjeza kuti ngati ndikudontheza kupitirira kanayi pa tsiku ndizigula a m'timachubu totaya ukagwiritsa kamodzi, chifukwa a m'botolo ambiri amathiramo mankhwala oti asaonongeke, ndipo amenewo akachuluka amapweteka diso. Pa makina, pakatha mphindi 20 ndimadzutsa mutu, kuyang'ana patali kwa masekondi 20, n'kuphethira mokwanira. Fani tinaitembenuza. Ndinafunsanso za makapisozi a mafuta a nsomba amene anzanga amalimbikitsa. Dokotala anati kafukufuku wamkulu wa ku America amene anatuluka mu 2018 anapeza kuti sanathandize kuposa makapisozi a mafuta a olivi, choncho ndingodya nsomba monga chakudya. Anandiuza mosabisa kuti vutoli silitheratu, limafuna kulisamala tsiku ndi tsiku. Panopa ndikufika madzulo ndisanayambe kulasidwa kwambiri, ndipo msoko ndikuuona bwino.

Tsopano ndifike pa inu, Amayi, chifukwa ndi chimene chandikhazika pansi kulemba. Achemwali anandiuza kuti maso anu akhala akufiira ndi kutuluka misozi kwa nthawi yaitali, ndipo inu mumangoti ndi utsi wa kukhitchini. Utsi ulipodi, ndipo umaononga. Koma ananenanso zinthu ziwiri zimene zinandigunda mtima: kuti masiku ano simumeza nsima popanda kapu ya madzi pambali chifukwa m'kamwa mukuuma, ndiponso kuti m'mawa zala zanu zimalimba moti mumavutika kumanga mpango. Dokotala wanga anandifunsa ine mafunso awiri omwewa. Anati pali matenda otchedwa Sjögren, amene chitetezo cha m'thupi chimatembenukira mbali zimene zimapanga misozi ndi malovu. Mwa anthu 10 odwala matendawa, 9 amakhala azimayi, ambiri a zaka zopitirira 40, ndipo kawirikawiri amayendera limodzi ndi nyamakazi. Ine sindine dokotala, sindikunena kuti ndi zimenezo. Azimayi akamakula maso amauma ngakhale popanda matendawa, ndipo mankhwala ena a BP amaumitsanso m'kamwa. Koma zizindikiro zitatuzi zikakumana mwa munthu mmodzi zimafunika kuti odziwa azione.

Pali chinanso. Mukukumbukira agogo aakazi mmene ankatitumira kuti tiwazule nsidze zimene zinkapindikira m'diso? Ija inali trachoma. Mu 2022 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti Malawi wathana ndi matendawa, woyamba kutero kummwera kwa Africa, ndipo ndi nkhani yonyaditsa. Koma zipsera zimene analandira anthu ali ana zimatsala mkati mwa chikope mpaka ukalamba, zimaumitsa diso ndi kukokera nsidze mkati. Achemwali, mutenge Amayi pabwalo powala, muyang'ane ngati pali nsidze yokhudza diso. Ikakhalapo musazule n'kungosiya, chifukwa imameranso yolasa kwambiri. Pali opaleshoni yaing'ono yowongola chikope.

Choncho pempho langa ndi lakuti sabata ikubwerayi mupite ku chipatala cha maso ku Nkhoma. Ndatumiza ndalama pa Mukuru, ya thiransipoti ya anthu awiri, yolipira kuchipatala ndi ya chakudya panjira. Mutenge buku lanu la kuchipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale ogula pagolosale. Mukafika musangoti maso akuwawa. Munene zonse: za misozi, za m'kamwa, za zala, ndi kuti zinayamba liti. Mupemphe akuyezeni shuga, akuoneninso ngati ng'ala yayamba. Akakutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe, musazengereze, mundiuze ndionjezere ndalama.

Pakadali pano m'maso musadonthezemo chilichonse: kaya madzi a masamba, kaya mkaka wa m'mawere, kaya madzi a shuga, kaya kabotolo kotsala kwa aneba. Zamasamba zimatha kuotcha galasi la diso n'kusiya chipsera choyera chosachoka. Timabotolo tina timakhala ndi mankhwala amphamvu otchedwa steroid, timaziziritsa diso msanga moti munthu amatikonda, koma tikagwiritsidwa nthawi yaitali popanda dokotala timabweretsa glaucoma ndi ng'ala. Kansalu kofunda kaja mungathe kuyamba lero, madzi akhale owiritsa n'kuwasiya afunde, kansalu kakhale kanu nokha. Alamu, chonde boolani zenera lina kukhitchini kuja moyang'anizana ndi khomo kuti utsi uzituluka, ndipo mufunse kwa amayi a gulu loumba chitetezo mbaula mtengo wake, poti imadya nkhuni zochepa ndipo utsi umachepa. Nkhuni zikhale zouma. Masiku amene mphepo ikubwezera utsi m'kati, atsikana aziphikira panja, Amayi apume.

Achemwali, mukabwerako ku Nkhoma mujambule tsamba limene adokotala alembapo ndi mapaketi a mankhwala, munditumizire pa WhatsApp tsiku lomwelo. Ndalama ya feteleza ndituma kutha kwa mwezi, ija ndi ya maso yokha. Mundiperekere moni kwa amalume ndi azakhali, kwa a mfumu, ndi kwa onse a kumpingo amene akhala akundipempherera. Muwauze kuti ndikuona, ndipo ndikusoka.

Ndine mwana wanu,
wa ku Johannesburg