Lipoti la ulendo wa ku Blantyre: chamba ndi opaleshoni ya m'mimba

Wapampando ndi mamembala anzanga a komiti ya chipatala chathu,

Ndabwerako ku Blantyre kumene munandituma. Malisiti a minibasi ndi a malo ogona ndapereka kwa msungichuma, ofuna kuwaona akawaone.

Tsiku loyamba la msonkhano linathera pa malonje ndi kalembedwe ka malipoti a pamwezi, zomwe timazidziwa kale. Chimene ndabwera nacho ndi cha tsiku lachiwiri, pamene mkulu wina wogonetsa odwala ku thiyeta anatiphunzitsa za chamba ndi opaleshoni za m'mimba, monga ya hernia (pamene matumbo atulukira pamalo ofooka a mnofu wa pamimba n'kutupitsa) ndi ya apendikisi.

Anati munthu wosuta chamba tsiku ndi tsiku nthawi zambiri amafuna mankhwala ogonetsa ochulukirapo, ndipo akadzuka ululu umamusautsa kuposa anzake. Mankhwala amene amukwanira wa pabedi loyandikana naye, iye amangoti sakumva kanthu. Utsi umakhalanso utamukanda pakhosi ndi m'chifuwa, ndiye akatsokomola zimakoka pamene asokapo. Munthu akangosuta kumene mtima umathamanga, n'chifukwa chake mu 2023 madokotala ogonetsa a ku America analangiza kuti wodwala aliyense azifunsidwa za chamba asanalowe ku thiyeta, ndipo ngati wangosuta, opaleshoni yosakhala yadzidzidzi idikire maola osachepera 2.

Pamenepo ndinakumbukira mphwanga amene amapita panyanja usiku. Atamuchita opaleshoni ya hernia ine ndi amene ndinali gadiyani wake. Usiku wachiwiri sanagone. Thukuta lili kamukamu, phala wakana, akukalipira aliyense, dzanja lili pabala uku akutsokomola. Ndinkaganiza kuti bala lavunda, ndipo ndinawayankhula mawu oipa anamwino. Ndazindikira kumsonkhanoku kuti china chinali chibaba, chifukwa amene anazolowera fodya wamkuluyu akamusiya mwadzidzidzi zizindikiro zoterezi zimayamba pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Palibe anamufunsa, iyenso sananene.

Msonkhano unagwirizana kuti funso la chamba lizifunsidwa kwa aliyense wokachitidwa opaleshoni. Ndinavomera. Koma ena ankati wosuta azibwezedwa mpaka atasiya, ndipo ine ndinakana poyera. Mnyamata wa ku Makanjira kapena ku Malombe amene wagulitsa usipa kuti apeze thiransipoti, mukamubweza sadzabweranso, adzabwera matumbo atakanirira, titamunyamula. Komanso mawa lake gombe lonse lidzadziwa kuti ukanena zoona akubweza.

Tikumbukire kuti lamulo la 2020 linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa amene ali ndi laisensi, koma kusuta kukadali mlandu. Ndiye wodwala akafunsidwa amayamba waganiza za apolisi. Ambiri kwathu kuno amaopanso kuti zikamveka kumzikiti kapena kutchalitchi. Ayenera kuuzidwa momveka, m'Chichewa ndi m'Chiyao, kuti funsoli ndi lothandiza wogonetsa kuyeza mankhwala basi, ndipo yankho silituluka m'chipindamo.

Nanga kwathu kuno angayankhire pati? Chitseko cha chipinda choyezera chinathyoka chaka chatha, ndipo amene ali pabenchi panja amamva zonse. Nkhani ya chitsekoyi ndinaibweretsa kawiri, kawiri konse munati ndalama palibe, koma za zakumwa pa misonkhano yathu sizinasowepo. Ndani angavomere kuti amasuta chamba apongozi ake ali pabenchipo? Opaleshoni sitichita pano, inde, koma kalata yotumizira wodwala kuchipatala chachikulu imalembedwa m'chipinda chomwecho. Ndamvanso kuti ena akuti ndinalimbirana ulendowu chifukwa cha alawansi. Zandipweteka, chifukwa ulendo wa chaka chatha amene anapita sanatipatse lipoti ngakhale la pakamwa, ndipo palibe anafunsa.

Wapampando, ndikupempha kuti pa msonkhano ukubwerawu chitsekocho chikhale nkhani yoyamba, ndipo tiitane alangizi a zaumoyo ndi akuluakulu a m'magombe kuti tigwirizane mmene tikawauzire asodzi. Kalipentala ndayankhula naye kale, akudikira yankho lathu.