Ku Joni wotipulumutsa ndi mnansi amene timamudziwa dzina

A Mkonzi,

Tiloleni tilankhule ndi abale athu okhala kuno ku Johannesburg, komanso makolo kumudzi amene mitima imakhala m'mwamba akamva kuti ku Joni kwavutanso. Zipolowe zothamangitsa alendo zikangobuka, pa WhatsApp pamazungulira mauthenga amitundu iwiri: ena akuti tinole zikwanje, ena akuti eni dziko onse ndi adani athu. Malangizo onsewa ndi ophetsa.

Mu May 2008 ziwawa zimene zidayambira ku Alexandra zidapha anthu 62, ndipo 21 mwa iwo adali nzika za South Africa. Mu September 2019, pamene mashopu adaotchedwa ku Jeppestown ndi ku Malvern, mwa anthu 12 amene adafa ambiri adalinso eni dziko. Akatswiri a ku yunivesite ya Wits amene adafufuza za 2008 adapeza kuti madera osauka mofanana sadachite zofanana: kwina atsogoleri a m'deralo ndiwo adasonkhezera anthu, kwina atsogoleri adakana ndipo alendo sadakhudzidwe. Ku Masiphumelele, kufupi ndi Cape Town, anthu adapepesa alendo n'kuyenda khomo ndi khomo kutolera katundu wobedwa. Choncho ntchito yeniyeni ndi ya masiku a mtendere.

Polisi iliyonse ili ndi komiti ya anthu a m'dera yotchedwa CPF, ndipo m'malokeshoni ambiri muli makomiti a misewu. Amalawi timazemba misonkhano imeneyi poopa kuonekera, mapeto ake nkhani ya umbava ikamakambidwa sipakhala wotiyankhulira. Sankhani anthu awiri, bambo ndi mayi, amene mapepala awo ali bwino ndipo amamva Chizulu kapena Chisuthu, azipita nthawi zonse. Pakagwa maliro kwa mwini nyumba kapena kwa mnansi, sonkhani kangachepe, amayi apite kukathandiza kuphika monga timachitira kwathu. Mnzako akapsa ndevu mzimire. Munthu amene udamuthandiza kuika mayi ake savomera msanga kuti chipinda chako chiotchedwe, ndipo nthawi zambiri ndi iye amakunong'oneza madzulo kuti lero usagone pano.

Ulemuwu ukhale wofanana kwa onse, ndipo apa ifenso timalakwa. Timakonda kudzitama kuti Amalawi ndife ofatsa, oyipa ndi a ku Zimbabwe kapena a ku Nigeria, ndipo shopu ya Msomali ikamaphwanyidwa ena mwa ife amakatola nawo shuga. Gulu likafika pakhomo silifunsa kuti kwanu ndi ku Mangochi kapena ku Bulawayo. Madandaulo a eni dziko nawonso tiwamve. Ulova ndi weniweni, ndipo Mmalawi akavomera malipiro otsika kuposa amene malamulo amalola, amapsetsa mtima mnzake amene wachotsedwa. Malipiro otsikitsitsa mu 2025 adaikidwa pa R28.79 pa ola, ndipo CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya pantchito, imamva dandaulo la wantchito ngakhale mlendo. Paja bungwe lalikulu loyamba la antchito akuda m'dziko lino, ICU, adaliyambitsa mu 1919 ndi Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, ndipo sadasankhe mtundu.

Zinthu zikayamba kununkha, musatumize kanema amene simukudziwa tsiku lake ndi malo ake. Makanema akale, ena a m'maiko ena, amabwerera chaka ndi chaka. Anthu amathawa usiku popanda chifukwa, ena amasonkhana ndi zida, apolisi n'kumanga iwowo. Pagulu la WhatsApp pakhale munthu mmodzi wotsimikiza nkhani poimbira amene ali pamalopo, ndipo uthenga uzinena msewu, nthawi ndi amene waona. Gwirizanani pasadakhale kumene ana ndi amayi oyembekezera angakabisale, kaya kutchalitchi, kumzikiti kapena kwa mnansi. Gulu likafika, katundu musiyeni. Ena mwa amene amavulala ndi amene amabwerera kukatenga furiji kapena kukatseka shopu.

Mapepala jambulani makope, mukadinditse kupolisi (salipiritsa), kope lina lisungidwe kwa mbale wa kudera lina ndipo chithunzi chake chikhale m'foni. Malinga ndi ndime 41 ya lamulo loona za olowa m'dziko, woyenera kukufunsani mapepala ndi wapolisi kapena ofisala wa imigireshoni basi. Komabe anthu wamba akakuzingani musatsutsane nawo za malamulo pamsewu. Yankhani mofatsa, chokanipo, nkhaniyo mukaitule pambuyo pake.

Apolisi aimbireni pa 10111, kapena 112 pa foni ya m'manja. Wovulala apite kuchipatala msanga: ndime 27 ya malamulo aakulu a dziko lino imati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi. Kupolisi pemphani fomu ya J88 kuti dokotala alembepo mabala adakali atsopano, chifukwa akapola umboni umafooka. Musachoke popanda nambala ya mlandu, ija amati CAS. Milandu yambiri imafera pamenepa, munthu wafotokoza zonse koma palibe chimene chalembedwa. Wapolisi akakumenyani, nkhaniyo ndi ya IPID, bungwe lofufuza milandu ya apolisi. Za kunyozedwa kapena kusalidwa chifukwa cha mtundu zimapita ku Equality Court, imene imapezeka m'makhoti a majisitireti, yosalipiritsa ndipo safuna kuti mukhale ndi loya. A Lawyers for Human Rights amathandizanso alendo.

Pempho lathu kwa akuluakulu a ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria ndi kuno ku Johannesburg ndi lakuti mabasi otibweza kumudzi, monga a mu 2015, asakhale thandizo lokhalo. Azibwera kumisonkhano ya CPF ku Diepsloot, Alexandra ndi Rosettenville kudzakhala pansi ndi makhansala zinthu zisanaipe, ndipo afulumizitse mapasipoti a anthu amene awo adatha ntchito.

Ndife,
Amalawi okhala ku Johannesburg